Kusatchula ndi kunena kuti palibe: ndemanga ya buku la Kotlin in Action

Chitsanzo choyamba m'buku la Kotlin in Action, losindikizidwa kachiwiri mu 2024, ndi kapulogalamu ka mizere yochepa kofufuza wamkulu pakati pa anthu awiri. Aliyense ali ndi dzina ndi zaka. Dzina silingasowe. Zaka zikhoza kusowa, ndipo ukapanda kuzitchula chilankhulocho chimaikapo null, chizindikiro chimene olemba mapulogalamu amasonyezera kuti pamalopo palibe kanthu. Poyerekeza anthuwo, wosadziwika zakayo amawerengedwa ngati wa zaka ziro, mnzake n'kupambana. Alembi anasankha chitsanzochi pofuna kuonetsa kuti Kotlin imanena zambiri m'mawu ochepa, ndipo chikuonetsadi. Koma aliyense amene anakhalapo pa tebulo lolembera mayina kuchipatala cha kumudzi akudziwa kuti munthu wosadziwa chaka chimene anabadwa nthawi zambiri amakhala gogo, uja amangokuuza kuti pa njala ya 1949 anali atayamba kale kutunga madzi. Kapulogalamuka kamusandutsa khanda.

Sindikunyoza bukuli pa chitsanzo cha tsamba limodzi chimene cholinga chake ndi kungokopa wowerenga. Ndachitchula chifukwa mu mzere umodzi uja wa zaka muli zinthu ziwiri zosiyana zimene zaikidwa pamodzi: kuti wolemba pulogalamu ali ndi ufulu wosatchula zaka, ndiponso kuti zaka zikhoza kukhala zosadziwika. Kotlin inapangidwa mosamala kuti ziwirizi zisiyane. Bukuli limaphunzitsa chilichonse mwa ziwirizi bwino kwambiri. Chimene limasiyira wowerenga ndi kuziika pamodzi n'kuona pamene zikumana, ndipo ndemanga ino yatsamira pamenepo.

Bukuli latuluka ku Manning, ndipo alembi ake ndi anayi: Sebastian Aigner, Roman Elizarov, Svetlana Isakova ndi Dmitry Jemerov. Awiri omalizawa ndi amene analemba loyamba la 2017. Onse anagwirapo ntchito ku JetBrains, kampani imene inalengeza Kotlin mu 2011 n'kutulutsa 1.0 mu February 2016, ndipo Elizarov anatsogolerapo ntchito yokonza chilankhulocho atachokapo Andrey Breslav. Choncho si buku la munthu wongoonerera. Chachikulu chatsopano ndi gawo lonse lachitatu, lokamba za coroutines ndi flows, njira zimene pulogalamu imagwirira ntchito zingapo nthawi imodzi popanda kuuma. Anthu ambiri adzaligulira gawo limenelo, ndipo sadzataya ndalama. Ndikofunikanso kunena kuti si buku la Android, ngakhale kuti ambiri kuno amafika pa Kotlin kudzera pa foni, Google itayamba kuilandira mu 2017 n'kuiika patsogolo pa Java mu 2019. Limaphunzitsa chilankhulo chenichenicho.

Mutu wachitatu ndi umene umayamba nkhani ya ma parameter, zinthu zimene umapereka kwa function kuti igwirire ntchito. Alembi amatenga ntchito yaing'ono, yolumikiza zinthu za pa mndandanda kuti zikhale mzere umodzi wa mawu, n'kuimanga pang'onopang'ono. Poyamba woitana ayenera kupereka zonse: cholekanitsira, choyambira, chomalizira. Kenako akuonetsa kuti ukhoza kutchula dzina la parameter poitana, kuti wowerenga asamachite kuloza kuti kachingwe aka ka mawu n'kachiyani. Pomaliza akuika default, chinthu chimene function imatenga yokha woitana akapanda kunena. Kaphunzitsidwe kameneka n'kabwino chifukwa vuto umayamba kulimva usanapatsidwe mankhwala ake. Amene anazolowera Java, imene ilibe default, amadziwa kutopetsa kwa kulemba function imodzimodzi kanayi kapena kasanu, iliyonse ndi ma parameter ochepako, ina n'kumaitana inzake. Bukuli limafotokozanso @JvmOverloads, chizindikiro chouza compiler kuti alembe yekha mitundu yonse ija pothandiza amene akuitana kuchokera ku Java.

Mu mutu womwewu muli ndime yaifupi imene wowerenga wothamanga angaidumphe, pamene ndi yolemera kuposa zonse. Imanena kuti default imakhala mkati mwa function yoitanidwayo, osati pamalo poitanira. Ukasintha default, onse amene sanatchule kanthu amalandira yatsopano. Kuti timvetse chifukwa chake zimenezi n'zazikulu tiyenera kutuluka m'bukuli pang'ono, popeza ilo likamayerekeza limayang'ana kwambiri ku Java.

Mu C#, imene inalandira ma parameter osakakamiza mu 2010, default imakoperedwa kupita kwa woitana pa nthawi yomanga pulogalamu, ndipo iyenera kukhala chinthu chodziwika kale pa nthawiyo, monga nambala kapena mawu. Ngati default imene ukufuna ndi tsiku la lero kapena mndandanda watsopano, sungailembe pamenepo. Umalemba null, kenako mkati mwa function n'kufunsa kuti ngati ndi null tenga tsiku la lero. Python ili ndi msampha wina umene aliyense wophunzira amakodwamo. Default imawerengedwa kamodzi kokha, pamene function ikulengedwa. Ukalemba `def onjeza(dzina, mndandanda=[])`, mndandanda wopanda kanthuwo ndi umodzi womwewo pa kuitana kulikonse, ndiye dzina limene unaikamo poyamba umalipezamonso kachiwiri. Njira yothawira ndi yomwe ija: ika None, null ya Python, kenako funsa mkati. M'zilankhulo ziwirizi null imagwira ntchito imene si yake. Sikunena kuti palibe, ikunena kuti woitana sanalankhule. Ndipo tsiku limene woitana adzafune kunenadi kuti palibe, mawu ake adzamveka chimodzimodzi ndi kukhala chete.

Kusiyana kwake kuli ngati kwa munthu wolowa m'lesitilanti imene amadyamo masiku onse. Akangokhala pansi osanena kanthu amamubweretsera nsima ndi ndiwo zake zanthawi zonse. Akanena kuti lero ndiwo ayi, ndiye kuti wanena kanthu, ndipo woperekera zakudya amene angamve ziwirizi mofanana sakhalitsa pa ntchito.

Zilankhulo zina zinasakaniza ziwirizi mpaka m'malamulo ake, ndipo zakhala zikubweza. Mu PHP, kwa zaka zambiri, ukalemba mtundu wa parameter n'kuika null ngati default, chilankhulocho chinkalola null mwakachetechete ngakhale mtunduwo sunanene choncho. Isanafike PHP 7.1 mu 2016, imene inabweretsa chizindikiro cha funso patsogolo pa mtundu, imeneyi inali njira yokhayo yololera null, moti anthu ankaika default ya null ngakhale pa parameter imene kutsogolo kwake kuli ina yokakamiza, default imene sikanagwiritsidwa ntchito n'komwe. PHP 8.4, ya November 2024, inayamba kuchenjeza kuti kalembedwe kameneka kasiyidwe. Ku Python nakonso, PEP 484, chikalata cha 2014 chimene chinabweretsa kulemba mitundu, poyamba chinkalola kuti default ya None ipangitse mtundu kulola None popanda kulemba. Anadzasintha maganizo, ndipo mypy, chida choyendera mitundu, chinasiya kulola zimenezi mwachisawawa mu November 2022. Magulu awiri osiyana, atayesa njira yachidule kwa zaka, anafika pamene Kotlin inayambira.

Mu Kotlin default imawerengedwa pa kuitana kulikonse, ikhoza kukhala chilichonse, ngakhale kuitana function ina kapena kudalira parameter ya m'mbuyo mwake. Ndiye palibe chokukakamiza kubwereka null. Mseri, compiler amalemba function yachiwiri yobisika, dzina lake lotha ndi `$default`, imene imalandira nambala yowonjezera. Kachidutswa kalikonse ka nambalayo kamasunga yankho la funso limodzi: kodi parameter iyi inaperekedwa kapena ayi? Uthenga wa kusatchula umayenda pa njira yakeyake, osakhudzana ndi null. Tione ndi chitsanzo changa:

`fun lembetsa(dzina: String, zaka: Int?, boma: String = "Zomba", foni: String? = null)`

Dzina uyenera kupereka, ndipo silingakhale null. Boma ukhoza kulisiya, koma ukapereka liyenera kukhala boma lenileni. Foni ukhoza kuisiya kapena kunena kuti palibe, zonse zimathera pamodzi. Koma yang'anani zaka. Zili ndi chizindikiro cha funso koma zilibe default. Wolemba pulogalamu amene akuitana `lembetsa` sangaziiwale; ngati sakuzidziwa ayenera kulemba ndi dzanja lake kuti `zaka = null`. Kalembedwe aka ndi kamene ndimakaona kawirikawiri kakusowa m'mapulogalamu a anthu ongoyamba kumene, chifukwa chala chikangolemba funso chimathamangira kuonjezera `= null` ngati kuti ziwirizi ndi mawu amodzi. Ndipo chitsanzo choyamba cha bukuli, chimene chimakhala m'mutu mwa wophunzira nthawi yaitali, chimalimbikitsa chizolowezi chimenecho. Kusiyana kwake si kwa maonekedwe chabe. Fomu yolembetsera ikasintha, wina n'kuiwala kutumiza zaka, default ya null imameza cholakwacho ndipo anthu mazana amalembedwa opanda zaka popanda wodandaula. Popanda default, compiler amakana kumanga pulogalamu mpaka wina ayankhe.

Mutu wachisanu ndi chiwiri, wa null yeniyeniyo, ndi umene ndingaupereke kwa aliyense, ngakhale amene sadzalembapo Kotlin. M'buku loyamba nkhaniyi inali gawo la mutu waukulu wa mitundu; tsopano yapatsidwa mutu wakewake, ndipo yapuma bwino. Mbiri yake ndi yodziwika: Tony Hoare anaika null mu ALGOL W mu 1965, ndipo mu 2009, polankhula ku London, anaitcha cholakwa chimene chawonongetsa madola biliyoni. Vuto silinali lakuti pali njira yonenera kuti palibe. Dziko lili ndi zinthu zosowa, ndipo pulogalamu iyenera kutha kuzinena. Vuto linali lakuti null inkaloledwa paliponse. Mu Java, chinthu cholembedwa kuti ndi String chikhoza kukhala mawu kapena null, ndipo umadziwa pokhapokha pulogalamu itagwa m'manja mwa wogwiritsa ntchito. Alembi amakamba mfundoyi kuchokera pa funso lakuti mtundu n'chiyani: ngati mtundu umatiuza zimene tingachite ndi chinthu, ndiye mtundu umene umalola null mobisa ukunama, chifukwa pa null sungachite chilichonse mwa zimene walonjeza. Akatero, `String` ndi `String?` zimaoneka kuti ndi mitundu iwiri yosiyanadi, osati mtundu umodzi wokhala ndi chokongoletsa.

Zida zake amazipereka mwadongosolo: `?.` choitanira chinthu pokhapokha ngati chilipo, `?:` chopereka cholowa m'malo, `as?`, `let`, `lateinit`. Pamene pandisangalatsa ndi pa `!!`, chizindikiro chouza compiler kuti ndikutsimikiza kuti apa si null, ndisiye. Alembi sabisa kuti chinapangidwa dala kuti chizioneka choipa m'maso, ndipo amapereka langizo limene amangolidziwa ndi amene anasakapo cholakwa usiku: usaike `!!` ziwiri pa mzere umodzi, chifukwa pulogalamu ikagwa uthenga wake umangotchula mzere, sukuuza kuti ndi iti mwa ziwirizo imene inanama.

Amanenanso chilungamo pa malo amene chitetezo cha Kotlin chili ndi chiboo. Chilichonse chochokera ku Java chimene sichinalembedwe ngati chimalola null kapena ayi chimalowa ngati platform type, chimene compiler amachisonyeza ndi chizindikiro chimodzi chofuula, monga `String!`, ndipo iwe sungachilembe wekha. Pa chinthu chotere compiler safunsa kanthu. Udindo ndi wako. Bukuli limafotokoza chifukwa chake: akanati chilichonse cha ku Java chiziyesedwa chokhoza kukhala null, pulogalamu ikanadzaza ndi mafunso opanda pake pa zinthu zimene aliyense akudziwa kuti zilipo. Ndikuvomereza kuti anasankha mwanzeru, komabe wolemba app ya Android ayenera kuwerenga ndimezi kawiri, popeza pansi pa Android pali Java yambiri. Chotonthoza n'chakuti function ya Kotlin yoonekera kunja imayendera ma parameter ake pakhomo, ndiye Java ikatumiza null pamene sipaloledwa, pulogalamu imagwera pomwepo, osati patali pamene chiyambi cha vuto chaiwalika.

Chimene ndikanakonda mutuwu ukanakhalitsapo ndi `?:`. N'chida chokoma, ndipo kukoma kwakeko ndiye ngozi. Kulemba `?: 0` kapena `?: ""` kumatontholetsa compiler msanga kuposa kuganiza, ndipo pulogalamu siigwa. Koma kugwa nthawi zina n'kwabwino kuposa kunama. Ngati pa anthu khumi, atatu zaka zawo sizikudziwika, ndipo onse atatu wawawerengera ziro, avereji ya zaka imene upereke kwa akuluakulu ndi yabodza, ndipo palibe uthenga wofiira umene udzakuchenjeze. NullPointerException imakhala ndi mwano koma siibisa kanthu. Bukuli limaonetsa kuti kumanja kwa `?:` ukhoza kuikako `return` kapena `throw`, ndipo imeneyo ndi njira imene wophunzira ayenera kuizolowera poyamba, asanazolowere ziro.

Nkhani ziwiri zija, ya default ndi ya null, zimakumananso mu mutu wakhumi, wa ma function olandira ma function anzawo. Alembi amabwerera ku chitsanzo cholumikiza mndandanda chija n'kuonjezera parameter yonena mmene chinthu chilichonse chisandukire mawu. Amaonetsa njira ziwiri. Yoyamba: default ikhale function yeniyeni yochita zanthawi zonse. Yachiwiri: parameter ilole null, default ikhale null, ndipo mkati ufunse ngati yaperekedwa. Zonse zimagwira ntchito, ndipo n'zothandiza kuona kalembedwe ka njira yachiwiri, pamene malo a chizindikiro cha funso amasintha tanthauzo lonse: kunja kwa mikutiramawu chikunena kuti function yeniyeniyo ikhoza kusowa, mkati chikunena kuti yankho lake ndilo likhoza kukhala null. Koma apa ndi pamene ndinkayembekeza kuti anthu amene anamanga chilankhulochi aweruze mwamphamvu. Njira yachiwiri, pa chitsanzo chimenechi, ndi chizolowezi cha Python ndi C# chija chitavala zovala za Kotlin. Null ikutanthauza kuti chita zanthawi zonse, ndipo zanthawi zonsezo zabisika mkati, pamene woitana sangazione pongowerenga mutu wa function.

Chiweruzo chimenechi chilipo kwina. Malangizo a Google a kalembedwe ka zigawo za Jetpack Compose, chida chomangira maonekedwe a app pa Android, amalekanitsa ziwirizi: null isakhale chizindikiro chakuti tenga default, ikhale yonena kuti chinthucho kulibe. Mzere wa pa mndandanda umene ulibe kachithunzi kumanzere ndi chitsanzo chabwino cha null yoyenera. Kachithunziko kulibedi, ndipo malo ake sasungidwa. Koma mtundu wa utoto wa batani sungakhale kulibe. Batani lililonse lili ndi utoto, choncho default yake iyenera kulembedwa poyera. Funso lothandiza poyang'ana `= null` iliyonse ndi lakuti, kodi chinthuchi chingasowedi m'dziko lenileni, kapena ndangochita ulesi kulemba chimene chiyenera kukhalapo?

Umboni wokongola wa mphamvu ya kalekanitsidwe ka Kotlin uli mu mutu wachinayi, ngakhale kuti pamenepo nkhani ndi ina. Data class iliyonse imalandira function yotchedwa `copy`, yopanga chinthu chatsopano chofanana ndi chakale kupatula zimene watchula. Default ya parameter iliyonse ndi chimene chinalipo kale. Ndiye `munthu.copy(boma = "Dedza")` imasintha boma n'kusiya foni mmene inalili, pamene `munthu.copy(foni = null)` imafufuta foniyo. M'chilankhulo chimene null imatanthauza kuti sindinatchule, kuitana kwachiwiriku sikungatheke. Munthu amene foni yake yatayika sungamuchotsere nambala, chifukwa pempho lako lofufuta limamveka ngati sunanene kanthu. Olemba Python amafika popanga chinthu chapadera chongoimira kusatchula kuti athane ndi vutoli. Mu Kotlin kanambala kobisika kaja kathetsa kale nkhani.

Malo amene bukuli limafika pa phata penipeni ndi mu mutu wa 12, wa annotations ndi reflection, umene ambiri amausiya kuti adzawerenga tsiku lina. Mmenemo alembi amamanga kalaibulale kakang'ono kotchedwa JKid, kosandutsa JSON kukhala zinthu za Kotlin ndi kubwezanso. Pofika pomanga chinthu kuchokera pa uthenga wobwera pa intaneti, pulogalamu iyenera kusankha chochita ngati gawo lina mulibe mu uthengamo. Apa pamaonekera mafunso awiri osiyana amene Kotlin imalola kufunsa za parameter: `isOptional`, kodi ili ndi default, ndi `isMarkedNullable`, kodi mtundu wake umalola null. Amafotokozanso kuti njira wamba yoitanira kudzera mu reflection siidziwa za default, ndipo pamafunika `callBy`, imene imalandira ma parameter pamodzi ndi zimene aliyense wapatsidwa n'kudzaza osowawo. Mayina awiri aja akanaonekera pa tsamba loyamba la mutu wachisanu ndi chiwiri, wophunzira akanapulumuka zambiri.

Ndikunena choncho chifukwa pa JSON ndi pamene app ya pafoni imapwetekera kwenikweni. Uthenga wochokera ku seva ukhoza kukhala ndi foni, ukhoza kukhala ndi foni yolembedwa null, kapena gawo la foni likhoza kusowapo lonse. Ndi zinthu zitatu, ndipo malaibulale amazimva mosiyana. Gson, yakale ya Google imene inalembedwera Java, ikakumana ndi class ya Kotlin yopanda constructor wosafuna kanthu imapanga chinthucho mozemba constructor. Zotsatira zake n'zakuti ma default sawerengedwa, ndipo gawo limene unalemba kuti ndi `String` yosalola null likhoza kukhala null, compiler osadziwa. Chitetezo chonse cha mutu wachisanu ndi chiwiri chimalowedwa kuseri. Laibulale ya JetBrains, kotlinx.serialization, imalemekeza kusiyanaku: gawo likasowa imatenga default, ndipo ngati palibe default imadandaula, ngakhale mtunduwo utalola null, pokhapokha utaiuza kuti ifewetse lamulo. Palinso RFC 7396, ya 2014, yonena za kutumiza zosintha zokha pa JSON, pamene kusowa kwa gawo kumatanthauza kuti usakhudze, ndipo null imatanthauza kuti fufuta. Amene wamvetsa `copy` wamvetsa kale lamulo limeneli.

Pali malire amene ngakhale Kotlin siinawadutse, ndipo si mlandu wa bukuli. Null ndi imodzi, koma zifukwa zosowera kanthu n'zambiri. Foni ya munthu ikhoza kukhala null chifukwa alibe, chifukwa wakana kupereka, kapena chifukwa wolembayo sanafunse. E. F. Codd, amene anayambitsa maganizo a ma database a matebulo, anafika mu 1990 ponena kuti pakufunika zizindikiro ziwiri zosiyana, china cha chinthu chimene chilipo koma sichikudziwika, china cha chinthu chimene sichikukhudza munthuyo n'komwe. SQL sinamutsatire. Mu Kotlin yankho ndi sealed class, imene bukuli limaiphunzitsa bwino mu mutu wachinayi: m'malo mwa `Int?` umapanga mtundu wako wokhala ndi nthambi, zaka zodziwika, zaka zongoyerekeza, zaka zosafunsidwa, ndipo `when` imakukakamiza kuyankha nthambi iliyonse. Zida zonse zili m'bukumo. Kungoti zili m'mitu yotalikirana, ndipo wowerenga ndiye ayenera kuzindikira kuti funso limodzi la `?` nthawi zina limachepa.

Chenjezo lina limene wolemba laibulale ayenera kulidziwa limachokera pa function yobisika ija. Kuonjezera parameter yatsopano yokhala ndi default kumaoneka ngati kusintha kosavulaza munthu, popeza onse oitana akale khodi yawo imawerengekabe bwino. Koma mutu wa function wasintha, ndi wa `$default` womwe. Pulogalamu imene inamangidwa kale ndi laibulale yakale, ikapatsidwa yatsopano osamangidwanso, imafuna function imene kulibenso ndipo imagwa ndi NoSuchMethodError. C# imalipira mtengo wa njira yake posafalitsa default yatsopano. Kotlin imalipira apa. Go ndi Rust zinakana ma default onse, ndipo ukaona zovuta izi umamvetsa kuti sikunali kuuma mutu chabe.

Kalembedwe ka bukuli n'kodekha, Chingerezi chake n'chosavuta, ndipo zitsanzo n'zazifupi moti ukhoza kuzilemba wekha pa laputopu yofooka. Limayembekeza kuti walembapo mapulogalamu m'chilankhulo china. Si la munthu amene sanaonepo function. Amene ali ndi la 2017 ndipo amangofuna nkhani ya null ndi default adzapeza kuti maziko sanasinthe kwenikweni, chifukwa chilankhulocho sichinasinthe pamenepa, ndipo chomugulitsa latsopanoli ndi coroutines. Kwa mphunzitsi wa ku koleji kapena wotsogolera kagulu ka olemba ma app, ndingati asatsate manambala a mitu pa nkhani imeneyi. Ayambe ndi gawo la default mu mutu wachitatu, apite ku wachisanu ndi chiwiri, abwerere ku `copy` ndi sealed class mu wachinayi, kenako atsegule gawo la `callBy` mu wa 12 ngakhale ophunzira sanafike pa reflection. Akatero awapatse uthenga wa JSON utatu, wina wokhala ndi zaka, wina wa zaka za null, wina wopanda gawolo, n'kuwafunsa kuti pulogalamu yawo ichita chiyani pa uliwonse asanaiyendetse.